Kugona m'banja, pa famu kapena m'nyumba ya bungwe: njira iti imakulowetsani m'moyo wa eni dziko?

Anthu awiri atha kupita dziko limodzi kukagwira ntchito yongodzipereka, n'kukhalako nthawi yofanana, koma pobwera n'kumasimba ngati anali m'maiko awiri osiyana. Wina amasimba za mapiri, za nyanja ndi za alendo anzake amene ankagona nawo chipinda chimodzi. Mnzakeyo amasimba za agogo a pakhomo pomwe ankakhala, za mmene anthu akumeneko amakanganirana osakweza mawu, za tsiku lomwe anamutenga kukazonda wodwala kuchipatala. Onse anagwira ntchito, onse anakhetsa thukuta. Koma wachiwiriyu ndiye analowa m'moyo wa eni dziko, woyambayo anangolambalala.

Kusiyanaku sikubwera chifukwa cha dzina la dziko kapena kutchuka kwa bungwe lomwe lakutumizani. Kumabwera pa zinthu zomwe otsatsa maulendowa sakonda kuzitchula: mukagona kuti, muzikadya ndi ndani, mukakhalako nthawi yaitali bwanji, ndipo amene azikakuuzani chochita m'mawa ndi mwini dziko kapena mlendo mnzanu. Umenewu ndiwo muyezo womwe ndikuyezera njira zili m'munsizi. Amene cholinga chake n'kukongoletsa CV kapena kuona malo otchuka ali ndi muyezo wake wina. Pano ndikulankhula ndi munthu amene akufuna kudziwa mmene anthu a dziko lina amadzukira, amadyera, amalirira maliro ndi mmene amakhululukirana.

Maulendo a milungu iwiri olipira kampani

Iyi ndiyo njira yomwe imayamba kutulukira mukangofufuza pa intaneti, chifukwa ndi malonda ndipo eni ake amalipira kuti aoneke pamwamba. Mumapereka ndalama, amakuchingamirani pabwalo la ndege, amakugoneka m'nyumba ya alendo okhaokha, m'mawa galimoto imakutengerani ku ntchito, masana imakubwezani. Loweruka ndi Lamlungu pali ulendo wokaona nyama kapena mathithi. Kwa munthu amene sanatulukeko m'dziko lake ndipo mantha akumugwira, ubwino wake ndi womwewo: zonse zakonzedwa kale. Koma eni dziko amene mudzacheza nawo kwambiri ndi dalaivala ndi wophika, ndipo onse awiri ali pa ntchito yokusangalatsani. Zimene mudzaone ndi zomwe akonza kuti mlendo aone.

Pali mtundu umodzi wa maulendowa womwe ndikupempha kuti muupewe, ndiwo wokacheza kumalo osungira ana amasiye. Mabungwe oteteza ana akhala akuchenjeza kwa zaka zambiri kuti ana ambiri okhala m'malo amenewa ali ndi kholo lamoyo, ndipo umphawi ndiwo unawachotsa pakhomo. Kumene alendo olipira amabwera ambiri, ana amasanduka chokopera ndalama, moti ena amachita kukatengedwa kumidzi kuti nyumba idzaze. Dziko la Australia linafika pozindikira mchitidwewu ngati mtundu wa ukapolo wamakono pomwe linkakhazikitsa lamulo lake la 2018 lolimbana ndi ukapolo. Ngakhale pamalo pomwe palibe chinyengo, taganizirani mwana amene milungu iwiri iliyonse amazolowera nkhope yatsopano, kenako n'kuitsazika. Mlendo amapita kwawo ndi zithunzi, mwana amatsala akuphunzira kuti aliyense womukonda amachoka. Bungwe lomwe likukulolani kukhala ndi ana osakufunsani kalata ya kupolisi yosonyeza mbiri yanu, lakuuzani kale kuti ndi lotani.

Makampu a ntchito

Njira iyi ndi yakale kuposa zonse. Mu 1920, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangotha, injiniya wa ku Switzerland dzina lake Pierre Cérésole anasonkhanitsa anthu ochepa a maiko osiyana, kuphatikizapo a ku Germany, kuti akamangenso mudzi wa Esnes-en-Argonne pafupi ndi Verdun ku France. Pamenepo ndi pomwe panayambira bungwe la Service Civil International, lomwe lidakalipo. Masiku ano kampu yotere imatenga milungu iwiri kapena itatu. Gulu laling'ono lochokera m'maiko osiyanasiyana limagona muholo kapena m'kalasi, limaphika mosinthana, limakonza njira za m'nkhalango, limapenta nyumba kapena kuthandiza pa chikondwerero cha m'mudzi.

Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi makampani aja, ndipo njirayi ndimailemekeza chifukwa siinama: aliyense amatsuka mbale, palibe wotumikiridwa. Chikhalidwe chomwe mudzaphunzire kwambiri, komabe, si cha dziko lomwe mwapitalo. Ndi cha anzanu a m'gulumo. Mudzadziwa mmene mnyamata wa ku Korea amaphikira mpunga ndi chifukwa chake mtsikana wa ku Spain sakumva njala nthawi yomwe ena onse akufuna chakudya chamadzulo. Zimenezo n'zamtengo wapatali, koma mudzi womwe mwafikiramo mudzangouona pa mwambo wokulandirani ndi wokutsazikani. Monga poyambira, kwa wophunzira amene ali ndi holide yokha, ndi yabwino.

Kugwira ntchito posinthana ndi chakudya ndi pogona

Apa ndiye pali zambiri zokamba. Mu 1971, Sue Coppard, mlembi wa mu ofesi ku London amene ankalakalaka mpweya wa kumudzi, anakonza zoti iye ndi anthu ochepa akathandize pa famu ina ku Sussex kumapeto kwa sabata. Kuchokera pamenepo panabadwa WWOOF, yomwe tsopano ili m'maiko ambiri ndipo imalumikiza alendo ndi alimi olima popanda mankhwala. Pambuyo pake panabwera Workaway ndi HelpX, zomwe sizinalekere pa ulimi: mutha kukathandiza kumanga, kusamalira ziweto, kuphunzitsa ana a pakhomo chilankhulo kapena kulandira alendo pa hositelo. Mumalipira kandalama ka umembala pachaka, mumalembera mwini khomo nokha, mukagwirizana mumapita. Kawirikawiri ntchito ndi ya maola 4 mpaka 6 patsiku, malipiro ake ndi bedi ndi chakudya.

Ikakhala pa famu ya banja, palibe njira yofupikitsa yomwe imakulowetsani m'moyo wa anthu msanga ngati iyi. Mumadzuka nthawi yomwe iwo adzuka, kunja kudakali chisisira. Mwini famu akukupatsani nsapato za jombo zomwe zinali za mwana wake, zazikulu pang'ono. Mukukama mbuzi, iye ali pambali osalankhula, kenako akugwira dzanja lanu n'kulikonza kagwiridwe. Pa tebulo la kadzutsa mukumva mkazi ndi mwamuna akukambirana za mtengo wa chakudya cha ziweto, za mnansi amene mpanda wake wagwa, za mwana amene sakufuna kudzalowa m'malo mwa bambo ake pa famupo. Simukumva mawu onse, koma mukuona amene wayamba kudya, amene wadula mkate, amene wanyamuka kukatsuka. Palibe amene wakukonzerani chionetsero. Akungokhala moyo wawo, inu mulipo.

Koma njira yomweyi ili ndi mbuna ziwiri, ndipo yoyamba ndi ya malamulo. Anthu ambiri amaganiza kuti poti salandira ndalama ndiye kuti si ntchito. Maiko ambiri saona choncho. Ku New Zealand, mwachitsanzo, kulandira pogona kapena chakudya posinthana ndi ntchito kumawerengedwa ngati kugwira ntchito, ndipo kumafuna viza yololeza ntchito. Ku United Kingdom mlendo wamba amaloledwa kudzipereka masiku osapitirira 30, ndipo kuyenera kukhala ku bungwe lachifundo lolembetsedwa, osati pa famu ya munthu. M'maiko a Schengen, omwe ndi maiko ambiri a ku Ulaya ogwiritsa ntchito viza imodzi, viza ya kanthawi kochepa ndi ya masiku 90 pa masiku 180 aliwonse, ndipo zoti mungagwire ntchito kapena ayi dziko lililonse lili ndi lamulo lake. Mawebusayiti olumikizira aja sakupezerani viza, amangokuuzani kuti ndi udindo wanu. Amene pasipoti yake imafuna viza pafupifupi kulikonse adziwe kuti njirayi ndi yopapatiza kwa iye kuposa mmene zithunzi zikuonetsera. Kubwezedwa pabwalo la ndege kumaipitsa mbiri ya maulendo anu onse a m'tsogolo. Safunsa adadya phula: funsani ku ofesi ya kazembe musanagule tikiti.

Mbuna yachiwiri ndi yakuti palibe wokuimirani. Mukapeza kuti maola 5 aja ndi 9, kapena chipinda chija ndi kalavani yodontha, kapena mwini khomo ali ndi maso oipa, palibe ofesi yothamangirako. Famu ili kutali ndi msewu, basi imadutsa kamodzi patsiku. Choncho werengani ndemanga za omwe anakhalako, makamaka zazifupi ndi zozizira, chifukwa anthu sakonda kulemba zoipa poyera za munthu amene anawadyetsa. Lankhulani ndi mwini khomo pa vidiyo musananyamuke. Sungani ndalama yoti mutha kuchoka tsiku lililonse n'kukagona kwina. Ndipo samalani ndi mahositelo a m'mizinda ya alendo: kumeneko mudzayala mabedi ulere m'malo mwa mwini dziko amene akanalembedwa ntchito, madzulo n'kumacheza ndi alendo anzanu m'Chingerezi. Dzina ndi lomwelo la kusinthana chikhalidwe, koma chikhalidwe mulibe.

Chaka chathunthu pansi pa pulogalamu yokhazikika

Kwa wachinyamata amene angathe kupereka chaka, iyi ndiyo njira yomwe ine ndimaiika patsogolo. Dziko la Germany ndilo chitsanzo chomveka bwino chifukwa ntchito yongodzipereka kumeneko ili ndi lamulo lake. Freiwilliges Soziales Jahr, chaka chothandiza anthu, chakhala m'malamulo kuyambira 1964 ndipo ndi cha achinyamata osafika zaka 27. Bundesfreiwilligendienst inayamba mu 2011 boma litaimitsa usilikali wokakamiza, ndipo ilibe malire a zaka kwa akuluakulu. Zonse ziwiri zimalandira anthu ochokera kunja, zimakhala ndi mgwirizano wolembedwa, inshulansi ya zaumoyo, kandalama ka m'thumba mwezi uliwonse ndi masiku a maphunziro. Palinso weltwärts, yomwe boma la Germany linayambitsa mu 2008 potumiza achinyamata ake kunja, ndipo kuyambira 2013 inatsegula khomo loti achinyamata a ku Africa, Asia ndi Latin America nawo azipita ku Germany. Ku Ulaya kulinso European Solidarity Corps ya azaka 18 mpaka 30, ngakhale kuti ndi ya okhala m'maiko a mgwirizano wa European Union ndi maiko ena oyandikana nawo. Achinyamata a mu Africa amene ali ndi maphunziro apamwamba ali ndi African Union Youth Volunteer Corps, yomwe inakhazikitsidwa mu 2010 ndipo imatumiza munthu kwa miyezi 12 ku dziko lina la mu Africa momwemo.

Chomwe chimasiyanitsa njirayi ndi chakuti mumakhala ndi malo anu enieni. Muli pa ndandanda ya ogwira ntchito ku sukulu ya mkaka, ku nyumba ya okalamba kapena ku malo a anthu olumala. Mukachedwa pali wina amene wavutika. Bwana wanu ndi mwini dziko, anzanu a pantchito ndi eni dziko, ndipo sakuonani ngati mlendo wofunika kumusangalatsa. Akudzudzulani mukalakwitsa, ndipo tsiku lomwe adzayambe kukudandaulirani za bwana m'chipinda chomwera tiyi mudzadziwe kuti mwalowa. Muzikwera basi yomweyo m'mawa uliwonse mpaka dalaivala ayambe kukugwedezerani mutu. Muphunzira kuti ku Germany masitolo ambiri satsegula Lamlungu, osati powerenga m'buku, koma chifukwa cha Lamlungu lina lomwe munapeza m'kabati mulibe kanthu. Muphunzira kusiyanitsa zinyalala, mapepala kwake, mabotolo kwake, zowola kwake, mayi wa nyumba yoyandikana atakuimitsani pa masitepe. Zing'onozing'ono zimenezi ndiye moyo wa anthu. Magule ndi zovala za pachikondwerero ndi za tsiku limodzi pachaka.

Mkati mwa njirayi muli mtundu wina wozama kwambiri, womwe ndi midzi yokhalira pamodzi ndi anthu olumala, monga ya Camphill. Woyamba unakhazikitsidwa mu 1940 pafupi ndi Aberdeen ku Scotland ndi dokotala wa ana Karl König ndi anzake, omwe anali othawa ulamuliro wa Nazi kuchokera ku Austria. Lero midzi yotere ili m'maiko angapo. Wongodzipereka amagona nyumba imodzi ndi anthu amene akuwathandiza, amadya tebulo limodzi, amagwira nawo ntchito kumunda, kophikira buledi kapena koluka nsalu. Ku United Kingdom ambiri amalowa ndi viza ya ogwira ntchito zachifundo, yomwe imafika miyezi 12 ndipo imafuna bungwe lokuvomerani. M'mawa mutha kukhala mukumuthandiza bambo wa zaka 50 kumanga mabatani a malaya, iye akukuuzani nkhani yomweyo ya galu wake imene anakuuzani dzulo, n'kukuwongolerani katchulidwe ka dzina la galuyo mpaka mutalitchula bwino. Aphunzitsi a chilankhulo oleza mtima ngati amenewa sapezeka m'kalasi. Vuto lake ndi lakuti ntchito ndi pakhomo ndi malo amodzi, kotero kupuma n'kovuta, ndipo mudziwo uli ndi miyambo yakeyake yosiyana ndi ya dziko lozungulira. Mutha kutha chaka mukudziwa mudziwo bwino lomwe, tauni yapafupi osaidziwa.

Zovuta za chaka chathunthu n'zoonekeratu. Mapepala amatenga miyezi, malo ndi ochepa, ena amafuna kuti mukhale mutayamba kale chilankhulo. Kandalama ka m'thumba ndi ka m'thumba basi. Amene ali ndi achibale oyembekezera thandizo mwezi ndi mwezi awauziretu zoona asananyamuke, apo ayi chaka chonse chidzatha ali ndi mtima wopachikika pa mauthenga a pafoni.

Njira za akatswiri

Bungwe la VSO (Voluntary Service Overseas), lotumiza ongodzipereka kunja, ndi njira imodzi. VSO inayamba ku United Kingdom mu 1958 ndi achinyamata ongomaliza sukulu, koma kwa zaka zambiri tsopano imafuna anthu odziwa kale ntchito yawo, monga aphunzitsi, anamwino ndi alangizi a zaulimi, ndipo imawatenga m'maiko osiyanasiyana. United Nations Volunteers inakhazikitsidwa mu 1970, likulu lake lili ku Bonn, ndipo imatumiza anthu ku nthambi za United Nations ndi ndalama yokhalira pamwezi. Peace Corps, pulogalamu ya boma la United States ya mu 1961, ndi ya nzika za dzikolo zokha, ndipo pulogalamu ya Japan yomwe inayamba mu 1965 ndi ya nzika za Japan. Ndikuzitchula ziwirizi ngakhale ambiri sangalowemo chifukwa zili ndi phunziro: wa Peace Corps amatha miyezi pafupifupi itatu akuphunzira chilankhulo, nthawi zambiri akugona m'banja la eni dziko, asanayambe zaka zake ziwiri. Anazindikira kalekale kuti munthu wosalankhula chilankhulo cha anthu amakhala mlendo mpaka tsiku lochoka.

Pa nkhani ya moyo wa tsiku ndi tsiku, njira za akatswirizi zimadalira kumene mwaponyedwa. Mzamba amene watumizidwa ku chipatala cha m'boma lakutali, n'kumagula masamba pamsika womwe odwala ake amagula, adzalidziwa dzikolo mpaka m'mafupa. Koma wa mu ofesi ku likulu la dziko, wokhala m'nyumba ya mpanda ndi alonda, woyenda pa galimoto ya bungwe, womangidwa ndi malamulo achitetezo omuletsa madera ena, atha kutha zaka ziwiri anzake onse ali alendo. Ndalama ikachuluka imakugulirani mtunda pakati pa inu ndi anthu, ndipo simuzindikira n'komwe kuti mwagula. Palinso kudzipereka kudzera pa intaneti, komwe United Nations Volunteers imayendetsanso. Ntchito yake ndi yothandiza, monga kumasulira zikalata, koma pa muyezo wathu uno sikukulowetsani m'khitchini ya munthu aliyense.

Kugona m'banja kapena m'nyumba ya ongodzipereka

Mapulogalamu ambiri amakupatsani mwayi wosankha pamenepa, ndipo chisankho chimenechi chimalemera kuposa kusankha bungwe. Nyumba ya ongodzipereka ndi yopepuka. Mukaweruka mumapeza anthu omva zomwe mukudutsamo, mumaphika zomwe mukufuna, mumabwera nthawi yomwe mwafuna. Ndaona kuti choopsa chake ndi macheza amadzulo: anthu otopa ndi osowa kwawo akakhala pamodzi amayamba kudandaula za eni dziko, kuti anthu akuno ndi ozizira, anthu akuno sasunga nthawi, anthu akuno sanena zoona. Usiku uliwonse mawu omwewo, mpaka amauma n'kukhala chikhulupiriro. Munthu amabwerera kwawo ndi tsankho lomwe analibe popita.

M'banja n'kolemera. Mumataya ufulu womwe munauzolowera. Muyenera kunena kumene mukupita, kudya zomwe zaphikidwa, kuphunzira malamulo omwe palibe amene akuuzeni chifukwa kwa iwo si malamulo, ndi mmene zinthu zilili basi. M'nyumba ya ku Japan mudzavula nsapato pakhomo, ndipo mudzasamba n'kudzitsuka bwinobwino musanalowe m'bafa la madzi otentha, popeza madzi omwewo alowamonso ena. Kwina mudzapeza kuti kukana chakudya kachiwiri ndi mwano, kwinanso kuti kuvomera msanga ndiye mwano. Mudzalakwitsa, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi amene adzakusekeni poyera n'kukuphunzitsani, akuluakulu atakhala chete mwaulemu. Milungu yoyamba amakutengani ngati dzira: mbale yabwino, mpando wabwino, musagwire ntchito. Amati mlendo ndi mame, ndipo banja lililonse limatha kupirira ndi kudzibisa kwa masiku ochepa. Chomwe mukudikira ndi tsiku lomwe adzatope n'kukupatsani tsache, n'kuyamba kukangana inu muli pomwepo.

Si banja lililonse lili labwino, ndipo ena amalandira alendo chifukwa cha ndalama yomwe bungwe limapereka. Palibe cholakwika pamenepo bola zikhale zodziwika. Funsani ngati banjalo limalipidwa, ngati linafufuzidwa, ngati mudzakhala ndi chipinda chotseka, ndiponso ngati mungasinthe banja zinthu zikavuta popanda kuchotsedwa pa pulogalamu. Kwa amene akukhala chaka, kugawa kumathandiza: miyezi yoyamba m'banja kuti chilankhulo chigwire ndi kuti mupeze anthu anu, kenako m'nyumba yogawana ndi achinyamata a dziko lomwelo, osati ndi alendo anzanu.

Nthawi

Mu 1955 wofufuza wina wa ku Norway, Sverre Lysgaard, anafalitsa kafukufuku wa anthu a ku Norway amene anapita ku United States pa thandizo la maphunziro lotchedwa Fulbright. Anapeza kuti amene anakhala miyezi ya pakati pa 6 ndi 18 ndiwo ankavutika kwambiri kuzolowera, kuposa amene anakhala pang'ono ndi amene anakhalitsa. Mu 1960 katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Kalervo Oberg, analemba za magawo omwe mlendo amadutsamo: poyamba zonse zimakoma, kenako zonse zimanyansa, kenako pang'onopang'ono amayamba kumvetsa. Ofufuza a pambuyo pake atsutsa kuti si aliyense amayenda mwa ndondomeko imeneyi, ndipo akunena zoona. Koma mfundo yaikulu ya magawowa imandithandiza poyerekeza njirazi. Wa milungu iwiri amabwerera adakali m'gawo lokoma, ndiye amakhulupirira kuti anthu akumeneko ndi osangalala nthawi zonse. Wa miyezi itatu amachoka pomwe zayamba kuwawa, ndipo ena amabwerako ndi mkwiyo. Wa chaka amaona nyengo zonse, nthawi ya zochuluka ndi ya zochepa, ukwati ndi maliro, ndipo amafika poti nthabwala ya pa basi akuimva n'kuseka nawo pa nthawi yake.

Chilankhulo chimafulumizitsa zonsezi. Musadikire kukayamba mutafika. Moni, manambala, mayina a zakudya, kupepesa ndi kufunsa njira, izi muzidziwe musanakwere ndege. Anthu amakhululukira galamala yokhota, koma amaona msanga amene sakuyesa n'komwe. Ndipo foni muichepetse madzulo. Ola lomwe mukucheza ndi a kwanu pa WhatsApp m'chipinda ndi lomwe banja lili pabalaza, ndipo akakuitanani kawiri katatu inu osatuluka, amaleka.

Ndiye musankhe iti?

Ngati muli ndi milungu iwiri kapena itatu yokha, tengani kampu ya ntchito, kapena famu ya banja kumene viza yanu ikulola, ndipo musadzinamize kuti mwadziwa dziko. Ngati muli ndi miyezi iwiri kapena itatu, khalani pa khomo limodzi m'malo modumphadumpha mafamu asanu. Ngati ndinu wachinyamata wokhoza kupereka chaka, limbanani ndi mapepala a pulogalamu yokhazikika, ndipo pemphani kugona m'banja. Ngati muli ndi ntchito ya m'manja ndi zaka zoigwira, pitani ku njira za akatswiri, koma pofunsidwa kumene mukufuna musaope boma lakutali. Amene ali ndi matenda ofuna chipatala pafupi, kapena amene akudziwa kuti kukhala yekha kumamugwetsa mphwayi, asachite manyazi kusankha tauni ndi nyumba ya anzake. Kudziwa mphamvu zako si mantha.

Bungwe lililonse, lalikulu kapena laling'ono, lifunseni mafunso awa musanapereke ndalama kapena pasipoti. Anapempha kuti kubwere wongodzipereka ndi ndani, anthu a pamalopo kapena ofesi ya kunja? Ntchito yomwe ndikagwire, kodi palibe mwini dziko amene akanalembedwa n'kumalipidwa? Ndalama yomwe ndikupereka ikugawidwa bwanji, ndipo yofika kwa banja londisunga ndi zingati? Ndikadwala usiku ndiimbira ndani, ndipo inshulansi ikulipira chiyani? Viza yake ndi ya mtundu wanji, ndipo kalata yondiitana alemba ndani? Pemphaninso kuti akulumikizeni ndi munthu amene anamaliza chaka chatha, osati amene ali pa chithunzi cha webusayiti, ndipo mumufunse kuti Lamlungu masana ankakhala kuti, ndi ndani. Amene akukulonjezani viza yachangu mukangotumiza ndalama ku akaunti ya munthu, kapena akunena kuti mukafika adzakusungirani pasipoti, musiyeni pomwepo, chifukwa umo ndi mmene ozembetsa anthu amayambira.